MUYESO UKHALE UMODZI KWA MWAMUNA NDI MKAZI

Abale ndi alongo a m'makomboni, pali mkangano umene ulikumveka m'malo a nchito, pa misika ndi pomwera mowa pomwe. Funso lace ndi ili: kodi mkazi ayenera kulembedwa nchito yopulumutsa anthu pa ngozi, monga kuzima moto kapena kulowa mu mgodi umene wagumuka? Ena ati iai, imeneyo ndi nchito ya amuna okha. Ena ati inde, naonjeza kuti pomuyesa mkazi mayeso acepetsedweko, popeza thupi lace liri losiyana ndi la mwamuna. Ife tikana mau onse awiri. Khomo likhale lotsegukira munthu ali yense, koma muyeso ukhale umodzi, ndipo muyesowo ucokere ku nchito yeni-yeniyo. Tifotokoza cifukwa cace.

NCHITO IMENE TIRIKUNENA

Poyamba tione nchito yace, pakuti ambiri okangana pa nkhaniyi sanaionepo ndi maso. Pa 25 September 1970, kusanace, matope a miyala yosinja amene anali kutayidwa pamwamba pa mgodi wa Mufulira anaboola nthaka nathamangira pansi, kumene anthu anali pa nchito ya usiku. Anafa anthu 89. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, kumene tsopano kuchedwa Hwange, unaphulika nupha anthu 427, ndipo pakati pao panali amuna ambiri a kuno ku Zambia ndi a ku Malawi amene anapita kukafuna ndarama ya banja. Usiku wa pa 30 November 2023 mvula yaikuru inagumula dothi pa mgodi wa Sensele ku Chingola, nikwirira anthu oposa 30 m'mauna amene anali kukumbamo. Munthu mmodzi anaturutsidwa wamoyo patapita masiku asanu, ndipo m'nyumba zambiri munagwa maliro.

Ife amene tinagwirako nchito ya ukalaliki ku migodi tidziwa cimene cicitika pa tsiku lotere. Kalaliki atsegula buku la maina, nawerenga nyali zimene sizinabwerere. Nambala iri yonse yosoweka ndi munthu, ndipo mkazi wace ndi ana ace ali ciriri pa geti. Pamene ena onse alikuthawira kumwamba, kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi kalikutsikira pansi. Amenewa ndiwo a timu ya proto. Ali yense abereka pamsana makina opumira olemera makilogramu ngati 15, pakuti mpweya wa pansipo ukhoza kupha munthu asanayende patali. Ayenda mu utsi ndi mu kutentha, pena cokwawa, pena m'madzi, ndipo pobwerera anyamula wobvulala pa macira.

Lamulo la timu imeneyi nlakuti salekana. Mmodzi akalefuka, timu yonse ibwerera naye, ndipo amene anali kudikira cipulumutso atsala komweko. Cotero kufooka kwa munthu mmodzi kukhoza kukhala imfa ya anthu ena. Ndi cifukwa cace nkhani ya muyeso sitiitenga ngati masewera, ndipo sitilola kuti ithere pa nthabwala za pa bawo.

KUSIYANA KULIPO NDITHU

Tisanamizane. Matupi a amuna ndi a akazi asiyana, ndipo madokotala anayesa kale kusiyanako. Tikatenga amuna ambiri ndi akazi ambiri ndi kuwayesa, tipeza kuti mphamvu ya akazi ya m'manja ndi m'mapewa ingopitirira pang'ono theka la mphamvu ya amuna, ndipo ya m'miyendo ifika magawo awiri mwa atatu. Mtima ndi mapapo a mwamuna kawiri-kawiri zikhala zokulirapo, ndipo magazi ace anyamula mpweya wocurukirapo. Tanthauzo lace nlakuti pa mayeso oona, amuna okhoza adzacuruka kuposa akazi. Ici ticibvomera, ndipo sitidzapempha munthu kuti acibise.

Koma khonsolo kapena kampani silemba "amuna onse" kapena "akazi onse". Ilemba munthu mmodzi wokhala ndi dzina ndi nambala. M'komboni iri yonse muli mwamuna amene sangakweze thumba la simenti pa lole. Ku Katete ndi ku Sinda kuli akazi amene asenza cigubu ca malita 20, ndiwo makilogramu 20, mwana ali kumbuyo, nakwera naco citunda m'mawa ndi madzulo. Mu 1986 akatswiri amene anayesa akazi a Ciluo ndi a Cikikuyu ku Kenya anaonetsa kuti akaziwo asenza katundu wofika magawo 7 mwa 10 a kulemera kwa thupi lao, ndi kuti katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu amsenza osataya mphamvu yoonjezera. Sitinena kuti kusenza madzi ndi kukoka munthu mu utsi ndi cinthu cimodzi. Tinena kuti mphamvu ya munthu sidziwika poyang'ana ngati wabvala citenje kapena buluku. Idziwika pomuyesa.

Tikumbukenso kuti pa nchito iyi mphamvu payokha sikwanira. Afunika munthu amene sacita mantha nkhope yace ikatsekedwa m'makina opumira, amene akumbuka kuyang'ana mpweya wotsala, amene amvera mtsogoleri wa timu ndi kudziwa kumanga bala. Cimphona ca phuma cipha anzace msanga kuposa munthu wa mphamvu yokwanira wokhala ndi mtima wofatsa. Zimenezinso ziyenera kuyesedwa, ndipo pa izi palibe amene anabadwa ali patsogolo pa mnzace.

MPANDA UWU TIUDZIWA

Amene ati mkazi asayesedwe nkomwe akumbuke mbiri ya makolo athu. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pa migodi ya kopa ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope, munthu wakuda sanali kuloledwa kugwira nchito zambiri za luso, ngakhale anali kuzidziwa. Anali kuuzidwa kuti sanakhwime, ndi kuti sangasenze udindo. Palibe amene anamuyesa. Khungu lace ndilo linali mayeso. Mu 1948 lipoti la Dalgleish linaonetsa nchito zambiri zimene Aafirika akanatha kuzigwira nthawi yomweyo, koma yuniyoni ya Azungu inakana. Inabisala kuseri kwa mau okoma akuti nchito yofanana ilandire malipiro ofanana, podziwa kuti kampani sidzalemba munthu wakuda pa malipiro a Mzungu. Anchito akuda, amene anamanga yuniyoni yao mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, sanaleke kugogoda. Mu 1955 mitundu 24 ya nchito inaperekedwa kwa Aafirika, ndipo nchitozo zinagwirika.

Akazi naonso anali ndi mpanda wao, wolembedwa m'malamulo. Ku Britain anaturutsidwa pansi pa migodi mu 1842. Mu 1935 bungwe la anchito la dziko lonse, la ILO, linapanga pangano la nambala 45 lakuti mkazi, kaya ali ndi zaka zingati, asagwire nchito ya manja pansi pa mgodi. Zambia inalowa m'panganolo mu 1964, niturukamo mu 1998. South Africa inacotsa ciletso cace mu 1996, ndipo mu 2024 a ILO eni ace anafafaniza panganolo. Opanga lamulo lija anati alikuteteza mkazi. Koma mgodi umene uli woipa kwa mkazi uli woipanso kwa mwamuna, ndipo mankhwala ace ndi kuukonza. Ndico cimene pangano la 1995, la nambala 176, lilamula: citetezo ca wanchito ali yense wa mu mgodi, pamodzi ndi makonzedwe opulumutsira anthu pa ngozi. M'dziko lino, lamulo la 2015 la kulingana kwa amuna ndi akazi ndi lamulo la nchito la 2019 aletsa tsankho pa nchito kaamba kakuti munthu ndi mkazi. Tsono ife ana a anthu amene anakanidwa osayesedwa, tidzakana bwanji alongo athu osawayesa?

MAYESO AKHOZA KUSANDUKA MPANDA

Koma cenjerani, pakuti khomo likatseguka, mpanda wina ukhoza kumangidwa mkati mwa mayeso. Ici cinaoneka ku maiko a kutsidya kwa nyanja. Ku New York, ku America, akazi analoledwa koyamba kulowa mayeso a ozima moto mu 1977, ndipo onse amene anafika pa mayeso a mphamvu analephera. Mmodzi wa iwo, Brenda Berkman, anapita ku khoti. Mu 1982 woweruza anapeza kuti mayesowo sanali kuyesa nchito yeni-yeni ya wozima moto, nalamula kuti akonzedwe ena. Akazi ngati 40 analowa nchito caka comweco. Berkman anagwira nchito zaka zoposa 20, anali pakati pa opulumutsa anthu pamene nyumba zazitali za mu mzindamo zinagwetsedwa pa 11 September 2001, ndipo anapuma mu 2006 ali pa udindo wa kaputeni.

Ku Canada, Tawney Meiorin anagwira bwino nchito yozima moto wa m'nkhalango zaka zitatu. Pambuyo pace boma la British Columbia linabweretsa mayeso atsopano, ndipo amodzi mwa iwo anali kuthamanga makilomita awiri ndi theka pa mphindi 11. Iye anacedwa ndi masekondi 49, nacotsedwa nchito. Mu 1999 khoti lalikuru la dzikolo linaweruza mokomera iye, pakuti boma linalephera kuonetsa kuti liwiro limenelo nlofunika kuti munthu azime moto bwino. Onani kuti khoti silinati akazi apatsidwe mphindi zoonjezera. Linati amene aika muyeso aonetse kuti nchito ndiyo iufuna.

Muyeso wotere ulipo. M'mizinda yambiri ya ku America ndi ku Canada, wofuna nchito yozima moto alowa mayeso ochedwa CPAT. Abvala cobvala colemera makilogramu ngati 23, monga kulemera kwa zida zace pa moto, nacita nchito zisanu ndi zitatu motsatana: kukwera masitepe, kukoka paipi ya madzi, kunyamula zida, kuimika makwerero, kuswa citseko ndi nyundo, kukwawa mu mdima, kukoka cidole ca makilogramu 75 mtunda wa mamita 21, ndi kuboola denga. Zonse zithe pa mphindi 10 ndi masekondi 20. Makilogramu 75 ndiwo thumba limodzi ndi theka la feteleza, ndiko kulemera kwa munthu wamkuru wokomoka. Mwamuna ndi mkazi, mnyamata ndi wacikulire, onse ayesedwa cimodzi-modzi. Palibe cinthu m'mayesomo cimene wozima moto sakumana naco pa tsiku la moto.

KUCEPETSA MUYESO NDI CIPONGWE

Tsopano tiyankhe abale athu amene, mwa cifundo, afuna kuti mkazi akoke cidole ca makilogramu 50 pamene mwamuna akoka ca 75. Kodi munthu wokomoka m'nyumba yoyaka adzapepuka cifukwa wobwera kudzamtenga ndi mkazi? Makina opumira sacepa kulemera, makwerero safupika, ndipo matope safunsa dzina. Muyeso ukatsitsidwa, wolipira ndi uja wagona pansi pa mwala, pamodzi ndi a mu timu amene adzabwerera asanamfike.

Winanso wolipira ndi mkazi mwini wace. Pamene makampani a migodi anayamba kupereka nchito za Azungu kwa Aafirika, zina anazidula-dula nazipatsa malipiro otsika, ndipo wozigwira anali kuonedwa ngati theka la wanchito. Pepala la muyeso wotsika licita cimodzi-modzi. Mkazi amene akanakhoza muyeso wonse adzayenda zaka zace zonse ndi manong'onong'o akuti anangomulowetsa. Anzace sadzamkhulupirira pogwira cingwe, ndipo timu yosakhulupirirana iri pa ngozi isanatsike nkomwe. Cimene mkazi ayenera kupatsidwa ndi nthawi ndi malo okonzekera. Mayeso alengezedwe kukali miyezi, zida zoyeserera zikhale zotsegukira onse, ndipo wolephera aloledwe kubweranso. Mphamvu ikula ndi kuphunzitsa thupi, monga adziwa mnyamata ali yense amene anayamba kulaisha miyala ndi fosholo manja akali ofewa.

Ndipo amunafe tisaseke, pakuti muyeso umodzi utiluma ifenso. Alipo amuna amene anakhoza mayeso akali anyamata, koma lero lamba wa makina opumira safika pa mimba. Ngati cifukwa cathu ndi citetezo ca miyoyo, mwamuna wotere ayesedwenso, ndipo akalephera apatsidwe nchito ya pamwamba. Amene afuna muyeso wolimba kwa mkazi, iye mwini nauthawa, alikungosunga mpando wace.

KWATHU KUM'MAWA

Wina adzati zimenezi ndi nkhani za ku migodi ikuru-ikuru ndi za maiko a kutali. Iai, nzathunso. Ku Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, anthu akumba ndi kusefa golide, amuna ndi akazi omwe. Maenje a okumba ang'ono-ang'ono kawiri-kawiri alibe mitengo yocirikiza, ndipo nthawi ya dzinja dothi lifewa. Dothi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya lilemera koposa tani, ndiwo matumba 20 a cimanga. Munthu wopsinjidwa nalo pacifuwa ali ndi mphindi zowerengeka cabe. Pa mseu waukuru wa Kum'mawa, umene upyola pa Sinda ndi pa Katete, basi ikagubuduzika obvulala ayenera kuturutsidwa m'zitsulo asanatengedwe kupita ku cipatala ca St Francis. M'malo otere oyamba kufika ndi anansi, ndi makasu ndi mafosholo ao, a yunifomu akali m'njira. Ndipo theka la anansiwo ndi akazi.

Tidziwa kuti pakati pa okumba alipo ena okhulupirira kuti mkazi akayandikira dzenje, maka-maka ali kumwezi, mwala uthawa kapena pagwa tsoka. Akuru athu tiwalemekeza. Koma dzenje ligumuka kaamba ka madzi, dothi lofewa ndi kusowa mitengo. Ku Mufulira mu 1970 ndi ku Wankie mu 1972 amene anali pansi anali amuna okha-okha, ndipo tsoka linagwa ndithu. Tsiku limene mwana wanu adzakwiririka, simudzabweza manja amene abwera kudzamfukula. Nanga bwanji osaphunzitsiratu manjawo lero?

ZIMENE TIFUNA

Coyamba: makhonsolo a Vubwi, Katete ndi Sinda, pamodzi ndi sukulu ya ozima moto ya ku Kabwe ndi makampani a migodi, alembe muyeso wao poyera m'Cinyanja ndi m'Cingerezi, aupacike pa khomo la ofesi, kuti wofuna nchito adziwe makilogramu, mamita ndi mphindi asanalembe kalata. Muyeso wobisidwa m'thumba la bwana, kuli konse kumene upezeka, ubala ziphuphu ndi cibale.

Caciwiri: cinthu ciri conse ca m'mayeso cikhale ndi mnzace pa nchito. Amene aciika ayankhe funso lakuti, "Kodi ici cicitika pati pa tsiku la ngozi?" Akasowa yankho, cicotsedwe. Akayankha, cisatsitsidwe kwa munthu ali yense.

Cacitatu: onse amene alowa pa ngozi kukapulumutsa anthu ayesedwe caka ndi caka, kuyambira mtsogoleri wa timu.

Cacinai: zida zigulidwe za misinkhu yonse. Jombo zazikuru zigwetsa munthu wamphamvu, ndipo cophimba kumaso cimene sicigwira bwino nkhope yaing'ono cilowetsa utsi. Pambuyo pace anthu ati walephera kaamba ka ukazi. Pakhalenso cimbudzi ndi cipinda cobvalira ca akazi, ndi cilango cokhwima kwa mwamuna wobvuta mkazi pa nchito.

Cacisanu: mkazi akakhala ndi pakati apatsidwe nchito yopepuka, apite ku chuti cace ca masabata 14 monga lamulo la 2019 linena, ndipo pobwera ayesedwe monga ayesedwa mwamuna amene wacira mwendo wothyoka. Akakhoza, abwerere pa malo ace.

Cacisanu ndi cimodzi: m'midzi ndi m'magulu a okumba golide, mafumu ndi makomiti asankhe anthu oti aphunzitsidwe kucirikiza dzenje, kufukula munthu wokwiririka ndi kupereka thandizo loyamba. Posankha ayang'ane manja ndi mtima wa munthu.

Inu a mayuniyoni, tengani mau awa ku misonkhano yanu ya nthambi. Inu amai ndi asungwana amene mumva mphamvu m'thupi, yambani kukonzekera lero, ndipo musapemphe kuti akucepetsereni. Inu abambo, mwana wanu wamkazi akafuna kukayesa, mperekezeni. Akuru anati nkhanga zinapangana kusanapse. Tipangane muyeso wathu tsopano, belu la ngozi lisanalire.